Mafunso ndi mayankho pa kafukufuku wa ma polynomial, milalang'amba ndi mauthenga a magulu omenyera kusintha

Nkhani zitatu zosiyana chonchi zikugwirizana pati?

Wamasamu amagwira ntchito ndi pepala ndi kompyuta, wazakuthambo amadikira usiku wopanda mitambo, ndipo wofufuza za zionetsero amacheza ndi anthu n'kuwerenga zikwangwani. Koma chimene chimagwetsa ophunzira ambiri a masitazi ndi a PhD m'magawo atatuwa n'chimodzi. Chida chilichonse chimasiya chidindo chake pa zotsatira, ndipo amene sanasamale amalengeza chidindocho ngati chinthu chatsopano chimene wapeza. Kompyuta imadula manambala aatali. Telesikopu imaona zowala n'kuphonya zozirala. Facebook ndi X zimaonetsa anthu okhala ndi foni ndi bandulo. Palinso ubale wa tsiku ndi tsiku, chifukwa wazakuthambo ndi wofufuza za anthu onse amagwiritsa ntchito polynomial pojambula mzere wodutsa m'manambala amene asonkhanitsa.

Polynomial timaiphunzira ku sekondale. Pakadali chofufuza?

Polynomial imapangidwa ndi kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi, monga 2x³ − 5x + 1. Nambala yaikulu mwa amene ali pamwamba pa x ndiyo digiri, ndipo apa ndi 3. Mizu ndi manambala amene mukawaika m'malo mwa x yankho limatuluka 0. Polynomial ya digiri n imakhala ndi mizu n, bola muwerengenso mizu yobwereza ndi ya manambala a complex, aja okhala ndi i, pamene i × i = −1. Gauss analemba za mfundoyi mu 1799 pa digiri yake ya udokotala.

Chofufuza chilipo chambiri. Tengani n² + 1. Mukaika 1, 2, 4, 6 ndi 10 mumapeza 2, 5, 17, 37 ndi 101, onse ma prime, manambala osagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Kodi ma prime oterewa amatha kapena alibe malire? Edmund Landau anaika funsoli pagulu la mafunso ovuta mu 1912, ndipo umboni sunapezeke. Wina anganene kuti kompyuta yayesa manambala ambirimbiri, ndiye nkhani yatha. Ayang'ane polynomial ya Euler, n² + n + 41. Imatulutsa prime kuyambira n = 0 mpaka n = 39, maulendo 40 motsatizana, koma pa n = 40 imatulutsa 1681, amene ndi 41 × 41. Zitsanzo, ngakhale zichuluke bwanji, pa masamu si umboni.

Ma polynomial amalowanso m'nthambi zina. June Huh, amene analandira Fields Medal, mphoto yapamwamba ya masamu, mu 2022, anatchuka poyamba potsimikizira lingaliro la Ronald Read la mu 1968 lokhudza polynomial yowerengera njira zopakira mitundu pa mfundo zolumikizana, kuti ziwiri zoyandikana zisafanane mtundu.

Bwanji palibe fomyula ya digiri 5 ngati ija ya quadratic?

Si kuti anthu anaisowa. Kulibeko, ndipo umboni wake ulipo. Njira ya digiri 2 inalembedwa mwadongosolo ndi al-Khwarizmi ku Baghdad cha m'ma 820. Ya digiri 3 ndi 4 inasindikizidwa ndi Cardano mu 1545, kuchokera ku ntchito ya del Ferro, Tartaglia ndi Ferrari. Kenako anthu anavutika ndi digiri 5 kwa zaka zoposa 250. Ruffini mu 1799 ndi Abel mu 1824 anasonyeza kuti palibe fomyula imodzi ya kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa ndi kutenga ma root imene ingathetse zonse. Galois, amene anafa mu 1832 ali ndi zaka 20, anafotokoza chifukwa chake: zimatengera mmene mizu ingasinthanirane malo popanda kuphwanya maubale ake. Zolemba zake zinatuluka mu 1846.

Musamve molakwa. Polynomial ngati x⁵ − x − 1 ili ndi muzu, pafupifupi 1.1673, ndipo kompyuta imaupeza nthawi yomweyo. Chosatheka ndi kuulemba mwa mtundu wa fomyula uja.

Kompyuta imapeza bwanji mizu, ndipo imasokera pati?

Choyamba ndi kuwerengera polynomial mosataya nthawi. Njira ya Horner, imene Qin Jiushao anali atailemba kale ku China mu 1247, imalemba 2x³ − 5x + 1 motere: ((2x + 0)x − 5)x + 1. Pa x = 3 mumapeza 6, kenako 18 − 5 = 13, kenako 39 + 1 = 40. Digiri n imafuna kuchulukitsa maulendo n okha.

Chachiwiri ndi kusaka muzu. Njira ya Newton imayamba ndi nambala yongoganizira, n'kuikonza mobwerezabwereza pochotsera p(x) ÷ p′(x). Apa p(x) ndi polynomial ija, ndipo p′(x) ndi kupendekeka kwa girafu yake pamalopo. Ikayamba pafupi ndi muzu imathamanga kwambiri. Ikayamba pamalo oipa imazungulira osafika. Yesani x³ − 2x + 2 kuyambira pa 0: mupeza 1, kenako 0, kenako 1, mpaka kalekale. N'chifukwa chake mapulogalamu ngati MATLAB ndi NumPy sadalira njirayi. Amasandutsa polynomial kukhala matrix, tebulo la manambala, n'kupeza manambala apadera a tebulolo otchedwa ma eigenvalue, ndipo amenewo ndiwo mizu.

Vuto lalikulu silichokera ku njira ayi, limachokera ku polynomial yeniyeniyo. James Wilkinson anatenga (x − 1)(x − 2) mpaka (x − 20), imene mizu yake ndi 1 mpaka 20, yooneka bwinobwino. Mukachulukitsa zonse, nambala yoima patsogolo pa x¹⁹ ndi −210. Iye anaisintha ndi kachinthu kochepetsetsa, 2⁻²³, pafupifupi 0.00000012. Muzu wa 20 unasuntha kufika pafupifupi 20.85, ndipo mizu 10 inasanduka ya complex. Kumbukirani kuti kompyuta pa double precision imasunga madijiti pafupifupi 16, pamene nambala yomaliza ya polynomial imeneyi, 1 × 2 × 3 mpaka 20, ili ndi madijiti 19. Manambala ena a polynomial imeneyi amadulidwa musanayambe n'komwe kuwerengera.

Zochita zake ndi izi. Ngati polynomial yabwera ili m'zigawo, musaichulukitse. Ngati manambala ake ndi athunthu, gwiritsani ntchito SageMath, PARI/GP kapena SymPy, zonse zaulere, zimene zimasunga manambala osadula. Ndipo musanakhulupirire mizu, sinthani dala nambala imodzi pa dijiti yomaliza n'kuwerengeranso. Mizu ikasuntha kwambiri, madijiti amene mukufuna kulemba mu lipoti ndi opanda tanthauzo.

Ndili ndi mfundo 11 pa girafu. Ndisankhe digiri yanji?

Yotsika. Pa mfundo 11 zilizonse pali polynomial imodzi ya digiri 10 yodutsa pa zonse ndendende, ndipo ophunzira amakopeka nayo chifukwa kompyuta imati yakwanira kotheratu. Carl Runge anasonyeza kuopsa kwake mu 1901. Tengani 1 ÷ (1 + 25x²) pakati pa −1 ndi 1, kaphiri kosalala kamene sikapitirira 1. Ikani mfundo 11 zotalikirana mofanana. Polynomial ya digiri 10 idutsa pa zonse, koma chakumapeto, pakati pa mfundo ziwiri zomaliza, idumpha n'kuphonya ndi pafupifupi 1.9. Mukaonjezera mfundo, kudumphako kumakula. Mukaika mfundo 11 zomwezo mothinana chakumapeto, pa malo amene amatchedwa a Chebyshev, kuphonya kumatsika kufika pafupifupi 0.1.

Kunja kwa mfundo zanu zinthu zimaipa koposa, chifukwa polynomial iliyonse imathera kuthawira kumwamba kapena pansi. Mu May 2020 ofesi ya alangizi a zachuma ku White House inatulutsa girafu ya imfa za COVID-19 ku United States yokhala ndi mzere wa digiri 3, umene unkatsikira ku ziro chapakati pa mwezi womwewo. Kutsikako kunachokera ku maonekedwe a polynomial, osati ku matendawo.

Musanayambe, sinthani x kuti akhale pakati pa −1 ndi 1. Mukasiya zaka mmene zilili, 2024⁵ ndi nambala ya madijiti 17, ndipo mwabwerera ku vuto la Wilkinson. Yambani ndi digiri 1, kenako 2, kenako 3, ndipo nthawi iliyonse jambulani zotsala, kusiyana kwa mfundo yeniyeni ndi mzere. Zotsala zikamwazikana ngati mchenga, imani pomwepo. Zikapanga uta, kwerani digiri imodzi. Bisani gawo limodzi mwa magawo 5 a mfundo zanu, mukonze mzere ndi mfundo zinazo, kenako muone ngati ukulosera zobisikazo. Ngati digiri 4 ikukanikabe, gwiritsani ntchito spline, imene ndi tizidutswa ta digiri 3 tolumikizidwa mosalala.

Kunja kwa kalasi ma polynomial amagwira ntchito yanji?

QR code yong'ambika pang'ono imawerengekabe chifukwa cha njira ya Reed ndi Solomon ya mu 1960. Uthenga umasandutsidwa polynomial, ndipo pamalembedwa zambiri kuposa zofunika, kuti zina zikafufutika zotsalazo zibwezeretse uthenga. Pa mlingo wapamwamba QR code imapirira kuonongeka kwa pafupifupi 30 peresenti. Adi Shamir mu 1979 anagwiritsa ntchito mfundo yomweyo pogawa chinsinsi: perekani mfundo imodzi ya polynomial ya digiri 2 kwa aliyense mwa anthu 5, ndipo atatu alionse akakumana angatsegule, koma awiri sangathe.

Ndi milalang'amba iti yooneka ndi maso?

Mkanda woyera wodutsa kumwamba usiku ndi mlalang'amba wathu, Milky Way, tikuuona tili m'kati mwake. Uli ndi nyenyezi pakati pa 100 biliyoni ndi 400 biliyoni, ndipo kuwala kochokera pakatikati pake kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kutifika. Ku Malawi, Zambia ndi Mozambique pakatipo pamadutsa pafupi ndi pamutu madzulo a July ndi August, mwayi umene a ku Ulaya alibe.

Chakummwera, madzulo a November mpaka January, muona timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo. Imeneyo ndi Large Magellanic Cloud ndi Small Magellanic Cloud, imene kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 160,000 ndi 200,000. Chakumpoto, cha mu November, kuli Andromeda, kachizirezire kamene kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni. Sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi, ndipo mukhale mumdima mphindi 20 kapena 30 osayang'ana foni. Utsi wa moto wa m'tchire mu September ndi October umabisa zambiri.

Mtunda wautali chonchi amauyeza bwanji?

Nyali ikatalikira kawiri imazirala kanayi. Choncho mukadziwa kuwala kwenikweni kwa chinthu, n'kuyeza mmene chikuonekera, mtunda mwaupeza. Chovuta ndi kudziwa kuwala kwenikweniko. Henrietta Leavitt wa ku Harvard anatsegula njira mu 1912. Anapenda nyenyezi 25 zothwanima za mu Small Magellanic Cloud, za mtundu wa Cepheid, ndipo popeza zonse zili pa mtunda pafupifupi umodzi, anaona kuti yothwanima mochedwa ndiyo yowala kwambiri. Mukawerenga masiku a kuthwanima, mwadziwa kuwala.

Mu October 1923 Edwin Hubble anapeza Cepheid mu Andromeda ndi telesikopu ya mainchi 100 ya ku Mount Wilson. Anawerengera zaka za kuwala pafupifupi 900,000, zokwanira kutsimikizira kuti Andromeda ili kunja kwa Milky Way, nkhani imene Shapley ndi Curtis anakanganirana mu 1920. Komatu nambala yake inali yochepa kuposa theka la yeniyeni. Mu 1952 Walter Baade analengeza kuti ma Cepheid ali mitundu iwiri yowala mosiyana, ndipo muyezo unasakaniza mitunduyo. Mitunda ya milalang'amba inawirikiza kawiri. Hubble sanalakwitse kuona ayi, ndodo yoyezera ndiyo inali yaifupi.

Lero muyezo uli ngati makwerero. Nyenyezi zapafupi zimayezedwa ndi parallax, kusuntha kooneka pamene dziko lazungulira dzuwa, ntchito imene setilaiti ya Gaia inaigwira pa nyenyezi zoposa 1 biliyoni. Zimenezo zimakonza muyezo wa ma Cepheid, ndipo ma Cepheid amakonza muyezo wa nyenyezi zophulika za mtundu wa Ia, zooneka kutali kwambiri. Cholakwa cha pa sitepe yapansi chimakwera nawo makwerero onse.

Redshift amaiwerengera bwanji, ndipo polynomial ikubwera pati?

Kuwala kwa mlalang'amba kumamwazidwa kukhala spectrum, ngati utawaleza, ndipo mumaoneka mizere ya ma element. Haidrojeni ili ndi mzere wofiira pa 656.3 nm (nanomita, muyezo wa utali wa funde la kuwala). Tinene kuti mwaupeza pa 669.4 nm. Kusiyana ndi 13.1, ndipo 13.1 ÷ 656.3 ndi 0.02. Imeneyo ndiyo redshift, z, kusuntha kwa mizere kulowera kofiira, chizindikiro chakuti mlalang'amba ukutalikirana nafe. Chulukitsani ndi liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, mupeza 6,000. Gawani ndi nambala ya Hubble, imene imanena mmene liwiro lotalikirali limakulira ndi mtunda, tinene 70, mupeza ma megaparsec pafupifupi 86, kapena zaka za kuwala 280 miliyoni. Njira yachidule imeneyi ndi ya z yaing'ono. Sigwiranso bwino pa milalang'amba yapafupi, imene imakokana yokhayokha. Andromeda ikubwera kwa ife, monga Vesto Slipher anayezera mu 1912.

Kamera siidziwa nm, imadziwa ma pixel. Musanayeze kapena mutangoyeza, mumajambula nyali ya argon kapena neon imene mizere yake ndi yodziwika, n'kupeza pixel imene mzere uliwonse wagwerapo, kenako n'kukonza polynomial ya digiri 3 kapena 4 yosandutsa pixel kukhala nm. Apa Runge amabweranso. Ngati mizere ya nyali ndi yochepa chakumapeto kwa kamera ndipo mwasankha digiri yokwera, muyezo umapotoka kumapetoko. Kuphonya ndi 0.1 nm pa mzere wa haidrojeni ndi makilomita 46 pa sekondi, zokwanira kuononga muyezo wa kuzungulira kwa mlalang'amba waung'ono.

Nambala ya Hubble nayo ikadali pa mkangano. Hubble mwiniwake mu 1929 anapeza pafupifupi 500. Zimene setilaiti ya Planck inayeza zikupereka pafupifupi 67, pamene makwerero a Cepheid a gulu la Adam Riess akupereka pafupifupi 73. Kaya ndi chidindo cha chida kaya ndi fizikisi yatsopano, ofufuza akulimbana nazobe.

Chithunzi chochokera ku telesikopu chimakonzedwa bwanji?

Pamafunika zithunzi zothandizira za mitundu itatu. Bias imajambulidwa kwa masekondi 0 chotsekera chili chotseka, kuti muone nambala imene magetsi a kamera amaika okha. Dark imajambulidwa chotsekera chili chotseka kwa nthawi yofanana ndi ya chithunzi chenicheni, pa kutentha komweko. Flat ndi chithunzi cha chinthu chowala mofanana paliponse, monga thambo la chisisira, ndipo imaonetsa fumbi ndi ma pixel aulesi. Jambulani 10 kapena kuposa za mtundu uliwonse n'kutenga median, nambala yapakati, pa pixel iliyonse. Chotserani bias pa zithunzi zonse, kenako chotserani dark, ndipo pomaliza gawani ndi flat. Flat ya filter ina siigwira pa filter ina.

Potsala ndi kuchotsa kuwala kwa thambo lenilenilo, ndipo ambiri amagwera apa. Pulogalamu imakonza polynomial yosalala ya kuwala kwa kumbuyo. Mlalang'amba ukadzaza gawo lalikulu la chithunzi, polynomial imatenga m'mbali mwake mozirala ngati thambo n'kumuchotsa. Mlalang'amba umaoneka waung'ono kuposa mmene ulili, ndipo chizindikiro chake ndi mkombero wakuda wouzungulira. Phimbani mlalang'amba ndi nyenyezi zonse ndi mask yotakata musanayeze thambo, ndipo digiri isapitirire 1 kapena 2.

Umboni wa dark matter uli pati?

Mapulaneti akutali ndi dzuwa amayenda pang'onopang'ono kuposa apafupi. Nyenyezi za m'mbali mwa mlalang'amba zinayenera kutero, koma Vera Rubin ndi Kent Ford, kuyambira ndi Andromeda mu 1970, anapeza kuti liwiro silitsika. Ma telesikopu a wailesi oyeza haidrojeni pa 21 cm anaona zomwezo kutali kuposa kumene nyenyezi zimathera. Fritz Zwicky anali atanena kale mu 1933 kuti milalang'amba ya gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti zooneka zokha sizingaigwire pamodzi. Kuli chinthu cholemera chosawala, chimene amati dark matter. Kuti n'chiyani, sichinagwidwebe mu labu.

Kodi mndandanda wa milalang'amba umaimira thambo lonse?

Ayi. Telesikopu ili ndi malire a kuzirala. Pafupi imaona zowala ndi zozirala zomwe, kutali imaona zowala zokha. Wophunzira akajambula girafu amapeza kuti milalang'amba yakutali ndi yowala kuposa yapafupi, pamene zangokhala kuti yozirala yakutali sinalowe m'ndandanda. Gunnar Malmquist anafotokoza izi m'ma 1920. Mankhwala ake ndi kusankha malire a mtunda, n'kusunga milalang'amba yokhayo yowala mokwanira kuoneka ngakhale pa malirewo. Mutaya yambiri, koma yotsalayo ingayerekezedwe.

Maso a munthu nawo ndi chida. Galaxy Zoo, imene inayamba mu July 2007, inapempha anthu wamba kuti asanje zithunzi pafupifupi 900,000 za Sloan Digital Sky Survey. Zotsatira zinaonetsa kuti milalang'amba yopota mbali imodzi ndi yambiri kuposa yopota mbali inayo, chinthu chimene chikanagwedeza sayansi. Ofufuza anatembenuza zithunzi zina ngati pagalasi n'kuzibwezera kwa anthu osawauza. Anthu anasankhabe mbali yomweyo. Kukonderako kunali mwa osanja, osati kumwamba.

Ndingafufuze za milalang'amba popanda telesikopu?

Inde. Zithunzi ndi ma spectrum a Sloan n'zaulere pa intaneti, ndipo nkhokwe za matelesikopu a Hubble ndi James Webb zimatsegulidwa kwa aliyense. Mufunika laputopu, Python ndi Astropy, komanso woyang'anira kafukufuku wodziwa gawoli. Mapepala ambiri a masamu ndi zakuthambo ali pa arXiv, nkhokwe ya mapepala a kafukufuku ya pa intaneti. Ku South Africa kuli telesikopu ya SALT ku Sutherland, ya galasi la mamita pafupifupi 10 lopangidwa ndi tizigawo 91, ndi telesikopu ya wailesi ya MeerKAT ku Karoo, ya madishi 64, imene inatsegulidwa mu 2018. Zambia ndi Mozambique zili m'gulu la maiko 8 a mu Africa othandizana ndi South Africa pa ntchito yomanga telesikopu yaikulu ya wailesi yotchedwa Square Kilometre Array.

Ofufuza za mauthenga a magulu omenyera kusintha amafufuza chiyani kwenikweni?

Amafunsa mmene dandaulo la munthu mmodzimmodzi limasandukira nkhani ya onse, ndi njira imene uthenga umadutsa. David Snow ndi Robert Benford anasonyeza kuti uthenga wa gulu umagwira ntchito zitatu: kunena vuto ndi wolichititsa, kunena chochita, ndi kupatsa munthu chifukwa choti iyeyo adzuke. Magulu ambiri amachita bwino choyamba n'kufooka pa chachiwiri.

Njira ya uthenga imaoneka bwino ku Montgomery, Alabama. Rosa Parks, mayi wakuda amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi, anamangidwa pa 1 December 1955. Usiku womwewo Jo Ann Robinson wa Women's Political Council anasindikiza timapepala masauzande ambiri pa makina opukusa ndi manja, ndipo tinagawidwa kudzera m'masukulu, m'mashopu ndi m'matchalitchi. Kunyanyala mabasi kunayamba pa 5 December ndipo kunatenga masiku 381, chifukwa panali anthu okonza magalimoto onyamula anzawo kupita kuntchito tsiku lililonse. Doug McAdam atapenda mafomu a amene anafunsira kukachita nawo Freedom Summer ya 1964, ntchito yolembetsa anthu akuda kuti azivota ku Mississippi, anayerekeza opita ndi obwerera m'mbuyo. Pa chikhulupiriro sankasiyana kwenikweni. Opitawo ndi amene anali ndi mnzawo wapamtima wopitanso.

Kodi Facebook ndi X ndi zimene zimayambitsa zionetsero?

Zimafulumizitsa, koma mawu akuti "zimayambitsa" ndi olemera kuposa umboni. Boma la Egypt linatseka intaneti kuyambira pa 28 January mpaka 2 February 2011, ndipo khamu la ochita zionetsero pa bwalo la Tahrir ku Cairo linakula. Pulezidenti Mubarak anatula pansi udindo pa 11 February. Zeynep Tufekci ndi Christopher Wilson atafunsa anthu amene anachita nawo zionetserozo, pafupifupi theka anati anamva koyamba pakamwa pa munthu, maso ndi maso. Tufekci anaonanso kuti gulu losonkhana m'masiku ochepa pa intaneti limadumpha ntchito yotopetsa yomanga makomiti ndi kuphunzira kumanga mfundo pamodzi, ndipo kusowa kwake kumaoneka pamene boma lasintha machenjera.

Malawi ili ndi chitsanzo chake. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Kunalibe intaneti, kunalibe wailesi yakanema, ndipo wailesi inali MBC yokha. Boma linaletsa kalatayo, koma inali italowa kale m'makutu, ndipo inapitiriza kuyenda pa fotokope ndi pamanja. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri pa riferendamu. Wofufuza nkhaniyi ayenera kufunsa za maparishi, malimana ndi makina osindikizira. Chimodzimodzi wofufuza #FeesMustFall ya ku South Africa mu 2015 kapena #ThisFlag ya ku Zimbabwe mu 2016 asaiwale misonkhano ya m'maholo ndi magulu a WhatsApp.

Ndasonkhanitsa mauthenga 50,000 a hashtag imodzi. Vuto lili pati?

Ili ndi vuto la Malmquist m'chovala china. Mwaona owala okha: a m'tauni, olemba Chingerezi, okwanitsa bandulo. Amene analemba za nkhaniyo osaika hashtag mulibe. Zofufutidwa mulibe. Za pa WhatsApp, pa wailesi ndi za m'minibasi mulibe. Ena mwa olembawo akutsutsa gululo, ena ndi maakaunti a makina. Kafukufuku wambiri wakale anadalira chitsanzo chaulere cha Twitter (imene lero ndi X) cha pafupifupi 1 peresenti, ndipo Fred Morstatter ndi anzake anasonyeza mu 2013 kuti sichinkafanana nthawi zonse ndi mauthenga onse. Khomo laulere la ofufuza linatsekedwa mu 2023, ndipo Meta, eni Facebook, inatseka CrowdTangle, chida chofufuzira mauthenga a pa Facebook, mu August 2024.

Lembani tsiku, ola, mawu osakira ndi chida chimene munasonkhanitsira. Werengani maakaunti, osati mauthenga okha, ndipo muone gawo lolembedwa ndi maakaunti 20 apamwamba. Sakani ndi kalembedwe kosiyanasiyana, poti liwu limodzi la Chichewa anthu amalilemba m'njira zingapo. Pomaliza, lembani kuti "olemba pa X", osati "anthu a ku Zimbabwe".

Manyuzipepala nawo amasankha. John McCarthy, Clark McPhail ndi Jackie Smith mu 1996 anayerekeza zilolezo za zionetsero za ku Washington ndi zimene zinatuluka m'nkhani, n'kupeza kuti zochepa chabe n'zimene zinalembedwa, makamaka zikuluzikulu. Ndipo amene amapenda magulu opambana okha sangadziwe chimene chinawapambanitsa, chifukwa olephera mwina anachita zomwezo. Erica Chenoweth ndi Maria Stephan anasonkhanitsa magulu 323 a pakati pa 1900 ndi 2006, opambana ndi olephera omwe, asananene kuti osagwiritsa ntchito zida anapambana kawiri kuposa a zida.

Mauthenga ndiwasanje bwanji kuti wina akhulupirire?

Lembani kabuku ka malamulo: dzina la gulu lililonse la mauthenga, tanthauzo lake, zitsanzo ziwiri zolowa ndi chimodzi chosalowa. Anthu awiri asanje mauthenga 100 omwewo, aliyense payekha, kenako akambirane pamene asiyana n'kukonza kabukuko. Mukakhutira, asanjenso gawo latsopano, osachepera 10 peresenti ya zonse, osakambirana. Musalembe peresenti ya kugwirizana yokha. Ngati mauthenga 90 mwa 100 ali a gulu limodzi, anthu awiri ongolota angagwirizane pa 82. Gwiritsani ntchito kappa ya Cohen kapena alpha ya Krippendorff, zimene zimachotsa kugwirizana kwamwayi. Krippendorff amafuna 0.80, ndipo pansi pa 0.667 amati musamangepo mfundo. Osanja akhale eni chinenero. Mwambi, chining'a ndi mawu okuluwika a ndale makina omasulira amazimva mozondoka.

Nanga chitetezo cha anthu amene ndikuwafufuza?

Nyenyezi singamangidwe chifukwa cha pepala lanu, koma munthu angamangidwe. Pezani chilolezo cha komiti yoona za khalidwe pa kafukufuku musanafunse munthu ngakhale mmodzi. Ku Malawi makomitiwa ali pansi pa National Commission for Science and Technology. Kuchotsa dzina sikokwanira, chifukwa chiganizo chokopedwa ndendende chikaikidwa pa Google chimabwerera kwa mwini wake. Fotokozani mawuwo m'mawu anu, kupatula a atsogoleri olankhula poyera. Musalowe m'gulu la WhatsApp mobisa. Pemphani kwa ma admin ndipo mamembala adziwe. Mndandanda wolumikiza maina enieni ndi maina ongopeka ukhale pa chipangizo china chokhala ndi pasiwedi, osati pa foni imene mumayenda nayo ku zionetsero. Ngati kusaina fomu kungaike munthu pangozi, pemphani komiti kuti ilole chilolezo chapakamwa. Mawu ojambulidwa muwafufute mukamaliza kuwalemba, pa tsiku limene munalonjeza mu fomu.